Mkodzo unkatuluka ngati ulusi

Ndinagwa pa njinga chakumapeto kwa Januwale, mvula itasandutsa msewu wakwathu phala. Ndimachokera ku TDC, likulu la aphunzitsi a m'dera lathu, ndi katoni ya mabuku a Sitandade 7 pa kaliyala. Tayala lakutsogolo linalowa pakati pa mitengo ya mlatho, ine n'kutsetsereka pa sadulo n'kukakhalira chitsulo chapakati chija ndi thupi lonse. Mwamuna amene zinamuchitikirapo sindikufunika kumufotokozera ululu wake. Ndinakhala chogwada m'matope kwa kanthawi, kenako n'kudzuka, kutola mabuku, n'kukankha njinga mpaka kunyumba. Madzulo ake ndinapeza timadontho ta magazi pa kabudula wamkati, koma ndinali ndisanakodze. M'mawa mwake pakati pa miyendo panali patada bii. Patatha sabata kutupa kunaphwa, ine n'kuiwala. Ndinali ndi zaka 36.

Timadontho tija ndiye tinali nkhani yonse. Magazi otuluka okha kunsonga ya maliseche munthu atagwera chinthu cholimba pakati pa miyendo amasonyeza kuti njira ya mkodzo yavulala mkati. Njirayi mwa ife amuna ndi yaitali, pafupifupi masentimita 20, ndipo kuseri kwa machende imadutsa pansi penipeni pa fupa. Ukakhalira chitsulo, imapanikizika pakati pa chitsulocho ndi fupalo ngati nzimbe pakati pa mano. Bala limapola ndithu, koma limapola ndi chipsera, ndipo chipsera chimakhwinyata pang'onopang'ono. Zimenezi ndinazimva patapita zaka zinayi.

Chaka chisanathe ndinayamba kuchedwa kuthengo. Kumaliro tikapatuka ndi anzanga kukataya madzi, iwo ankamaliza n'kubwerera pamoto ine ndikadali chiimire. Mkodzo unkatuluka wowonda ngati ulusi, nthawi zina n'kugawikana pawiri n'kunyowetsa nsapato. Ndinkachita kukankha ngati munthu wodzimbidwa, misempha ya m'khosi tolotolo. Usiku ndinkadzuka kanayi kapena kasanu, ndipo ndikabwerera pabedi ndinkamvabe kuti mkodzo watsalira.

Kenako panabwera chinthu chimene chinandisokoneza mutu. Munthu yemwe mkodzo ukukana kutuluka, ndinayambanso kudzinyowetsa. Osati kwambiri, timadontho chabe, koma tsiku lonse. Mathalauza a khaki ndinawasiya, n'kumangovala akuda. Ndinkapinda kansalu ka chitenje chakale n'kuika mkati. Ana a Sitandade 7 saphonya kanthu, ndipo ndikukhulupirira kuti anandipatsa dzina, kungoti silinandifike m'khutu.

Kuchipatala chaching'ono cha kwathu ndinapitako kawiri. Ulendo woyamba anandipatsa praziquantel, poti kuno vuto la mkodzo aliyense amayamba waganiza likodzo. Ulendo wachiwiri anandibaya jakisoni, kundipatsa mapiritsi, n'kuwonjezera kapepala koti ndikapatse mayi akunyumba kuti nawonso abwere adzalandire mankhwala. Sindiwaimba mlandu anthuwo. Chinzonono chosachizidwa bwino chimasiyadi zipsera mu njira ya mkodzo, ndipo chatsekera amuna ambiri. Za njinga sanandifunse, inenso sindinazitchule, chifukwa m'mutu mwanga kugwa kwa chaka chatha ndi vuto la lero zinali zosagwirizana. Koma kapepala kaja kanatsala pang'ono kupasula banja. Mayi akunyumba anakayang'ana nthawi yaitali, n'kundifunsa motsitsa mawu kuti ana asamve: "Abambo, ingondiuzani zoona. Munayenda ndi ndani?" Ndinalumbira, koma kulumbira kwa mwamuna amene wagwira kapepala kotere m'manja kulibe mtengo. Tinatha mwezi tikugona mofulatirana.

Amalume anabweretsa mizu yoti ndiziwiritsa n'kumamwa makapu atatu pa tsiku. Inkagwira ntchito yake, inkachulukitsa mkodzo. Tsoka lake khomo lotulukira linali lomwelija.

Usiku wina mu Okutobala, kutentha kuja, mkodzo unakaniratu. Ndinaima, ndinakhala, ndinanjuta, ndinathira madzi ofunda pamimba, osatuluka ngakhale dontho. Pofika 2 koloko m'munsi mwa mchombo munali mutafufuma ngati dzungu, thukuta kamukamu, ndikulira ngati mwana. Akuluakulu amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma usiku umenewo amene anatsekula anali mayi akunyumba. Anathamanga kukadzutsa wagalimoto wa pa tauni, osakumbukanso za kapepala.

Kuchipatala cha boma anayesa kulowetsa paipi yokodzera, imene iwo amati catheter. Inalowa pang'ono n'kuima. Anayesa yaing'ono, inaimanso. Anayesa kachitatu mokankha, magazi n'kuyamba kutuluka. Pano ndiime kaye, chifukwa ndi malo amene mungadzithandize nokha. Paipi ikakana kamodzi kapena kawiri, kukakamiza kumatha kuboola njira yabodza pambali pa yeniyeni n'kuwonjezera bala. Muli ndi ufulu wonena mwaulemu kuti, "Adokotala, ikukana, palibe njira ina?" Njira ina ilipo. Kwa ine anabwera wachikulire wina wa ku fiyeta, anabaya jakisoni wa dzanzi m'munsi mwa mchombo, n'kuboola kabowo kolowera m'chikhodzodzo mwachindunji. Paipi ya pamimba imeneyi amaitcha suprapubic catheter. Munatuluka mkodzo wopitirira lita imodzi, pamene chikhodzodzo chimayenera kusunga pafupifupi theka la lita. Mpumulo wake sindinaumvepo kwina kulikonse.

Wachikulire yemweyo ndi amene anandimasulira mwambi wa kudzinyowetsa kuja. Anati, "Aphunzitsi, ndowa ikadzaza mpaka pakamwa imatani?" Ndinati imasefukira. Anati basi, chikhodzodzo chanu sichimakhuthuka, chimakhala chodzaza usana ndi usiku, ndiye zimene mumaona pa thalauzazo ndi zosefukira. Anatumiza magazi kukayeza impso, chifukwa mkodzo ukasowa kolowera umabwerera m'mwamba n'kutupitsa impso mwakachetechete, munthu osamva kupweteka. Zanga zinapezeka kuti zayamba kuvutika koma sizinawonongeke. Chikanakhala chaka china chimodzi cha mizu ya amalume, mwina nkhaniyi ikanakhala ya dialysis, makina otsuka magazi impso zikalephera kugwira ntchito.

Apa ndi pamene panayambira zaka zimene ndimadandaula nazo.

Anandiuza kuti njira yachepa, ayikuza. Amatenga zitsulo zosalala zopindika kunsonga ngati chigwiriro cha ambulera, kuyambira chaching'ono n'kumakwera, kulowetsa chimodzichimodzi. Atatha, ndinakodza ngati mnyamata wa zaka 15. Ndinapita kutchalitchi kukapereka chothokoza. Patatha miyezi itatu ulusi uja unabwerera. Anakuzanso, zinatha miyezi iwiri. Kachitatu, masabata asanu ndi limodzi. Atanditumiza kuchipatala chachikulu, analowetsa kachipangizo kokhala ndi kamera ndi kampeni kunsonga n'kucheka chipseracho chamkati, zimene amati urethrotomy. Zimenezi zinandipatsa miyezi isanu ndi iwiri yamtendere. Kenako anandiphunzitsa kudzilowetsa ndekha kapaipi kawiri pa sabata kuti njira isatsekeke. Ndinkachita m'bafa mbandakucha, ndi sopo, madzi owiritsa ndi mafuta oterera a kuchipatala. Kwa ena njira imeneyi imawasunga zaka zambiri ndipo siyochititsa manyazi. Kwa ine tsiku lina kapaipiko kanakana, ndinabwerera ku paipi ya pamimba.

Pa ulendo umenewo ndinakumana koyamba ndi dokotala weniweni wa za njira ya mkodzo, urologist. M'dziko muno ndi owerengeka pa zala, ndiye kuwapeza ndi mwayi komanso khama. Anatsegula buku langa la kuchipatala, lomwe linali litafika pomatidwa ndi lachiwiri, anawerenga osayankhula, n'kufunsa funso limene palibe anali atandifunsapo: "Bambo, munagwapo? Pa njinga, mumtengo, pa mpanda, m'dzenje?" Mayi akunyumba anali pambali panga. Nditafotokoza za mlatho uja, adokotala anangogwedeza mutu n'kunena kuti, "Ndi chimenecho." Mayi sanayankhule kanthu. Tili mu minibasi pobwerera anandigulira nthochi, n'kundisendera okha.

Adokotalawa analamula X-ray yapadera yotchedwa urethrogram. Amathira mankhwala ooneka pa chithunzi kudzera kunsonga, ena kudzera pa paipi ya pamimba, kuti malo otsekekawo aoneke mbali zonse ziwiri. Pa chithunzi ndinaona ndi maso anga: njira yotakasuka, kenako kamzere kowonda kokhotakhota, kenako yotakasukanso. Anayeza n'kupeza masentimita 4. Ndiye anandiuza mawu amene ndikulemberawa nkhani yonseyi. Anati chipsera cha munthu wogwera chitsulo nthawi zambiri chimayamba chachifupi. Kukuza ndi zitsulo kapena kucheka chamkati sikuchotsa chipsera, kumangoching'amba, ndipo chong'ambikacho chimapola ndi chipsera china. Kuyesa kamodzi pa chipsera chachifupi n'kwanzeru, ena amachira nako. Koma chikabwerera kachiwiri, kachitatu, mwayi wochira mwa njira imeneyi umakhala utatsala pang'ono kutheratu, ndipo ulendo uliwonse ukhoza kuchitalikitsa. Anatchula kafukufuku wa pa chipatala cha Tygerberg ku Cape Town, wofalitsidwa mu 1997, amene anayerekeza kukuza ndi zitsulo ndi kucheka chamkati n'kupeza kuti zotsatira zake sizisiyana kwenikweni, ndipo chipsera chikatalika zonse ziwiri zimalephera msanga.

Chochiza chenicheni ndi opaleshoni yokonza njirayo, urethroplasty. Chipsera chikakhala chachifupi, chosapitirira masentimita 2, amatha kungochidula n'kulumikiza nsonga ziwiri zabwinozo, monga momwe timachitira ndi paipi ya madzi yophulika. Changa chinali chitatalika. Kudula masentimita 4 n'kukoka kuti zikumane kukanafupikitsa ndi kupinda maliseche. Ndiye anati atenga chigamba.

"Chigamba chochokera kuti, adokotala?"

"M'kamwa mwanu."

Ndinaseka, ndimayesa nthabwala. Koma taganizani: khungu la mkati mwa tsaya limakhala m'chinyezi moyo wake wonse, lilibe ubweya, ndi lolimba, ndipo mukadziluma limapola m'masiku ochepa. Khungu lakunja lokhala ndi ubweya likaikidwa mu njira ya mkodzo, tsitsilo limapitiriza kumera mkatimo n'kumagwira timiyala. Kuyambira zaka za m'ma 1990 madokotala ambiri padziko lapansi amakonda chigamba cha m'tsaya, ndipo mwa anthu 10 opangidwa opaleshoni yotere, 8 kapena 9 njira yawo imakhala yotseguka. Anandiuzanso zoipa zake osabisa: chipsera chikhoza kubwerera, bala likhoza kutukusira, mkodzo ukhoza kumatsalira n'kudontha ukamaliza kukodza, umuna ukhoza kumatuluka mofooka, ndipo ena mphamvu za kuchipinda zimatsika kwa miyezi ingapo. Ngati mumasuta kapena kuika fodya wa chingambwe m'kamwa, musiyiretu, chifukwa amawononga khungu lomwe akufuna kutengalo.

Asanapange opaleshoni anafuna kuti njira ipume miyezi itatu osalowetsamo chilichonse, kuti chipsera chionetse malire ake enieni. Miyezi itatuyo inasanduka isanu ndi iwiri. Kawiri konse ndinagona mu wodi, kusala kudya usiku wonse, m'mawa n'kuuzidwa kuti fiyeta yadzaza ndi angozi zapamsewu, ndibwerere kunyumba. Musamapite ndi ndalama ya ulendo umodzi wokha.

Kukhala ndi paipi ya pamimba kumatheka, ndinaphunzitsa nayo matemu awiri. Thumba ndinkalimangirira pa ntchafu mkati mwa thalauza lotakasuka, ndipo liyenera kukhala m'munsi mwa chikhodzodzo nthawi zonse kuti mkodzo usabwerere. Pabowo ndinkatsukapo ndi sopo ndi madzi tsiku lililonse, osapakapo zitsamba kapena phulusa. Paipi ankandisinthira pakatha mwezi kapena masabata asanu ndi limodzi. Chimene ndinalakwitsa poyamba ndi kuchepetsa kumwa madzi kuti thumba lisamadzaze msanga m'kalasi. Mkodzo unada, unanunkha, paipi n'kutsekeka ndi zinyalala zoyera ngati laimu. Imwani madzi, malita awiri pa tsiku. Mukamva kuzizidwa, kutentha thupi ndi kupweteka m'mbali mwa msana, musadikire tsiku la kiliniki, ndipo musangoti ndi malungo. Paipi ikasololoka yokha thamangani tsiku lomwelo, kabowo kaja kamatsekeka m'maola ochepa. Za kuchipinda, poti amuna ambiri amaopa kufunsa: paipi ya pamimba siletsa.

Opaleshoni inatenga maola opitirira atatu, ndili mtulo. Anacheka kuseri kwa machende, kutsegula chipseracho m'litali, n'kusokerera chigamba chochokera m'tsaya lakumanzere kuti njira itakasuke. Nditadzuka ndinali ndi mapaipi awiri, ya pamimba ndi ina kunsonga. Chodabwitsa, kumene kunkapweteka kwambiri sikunali kumusi koma m'kamwa. Masiku atatu oyamba ndinkangomwa phala lozizira lamadzimadzi ndi yogati, kuchukucha m'kamwa ndi mankhwala ndikatha kudya. Nsima yofewa ndinayamba tsiku lachisanu. Tsabola, mchere wambiri ndi tiyi wotentha zinadikira milungu iwiri. Uzani gadiyani wanu zimenezi asanaphike, chifukwa mayi akunyumba tsiku loyamba anabwera ndi chambo chokazinga, n'kudya okha ine ndikuyang'ana.

Bedi loyandikana ndi langa panali agogo ena a zaka za m'ma 70, amene kale ankagwira ntchito ya njanji. Iwo vuto lawo linali losemphana ndi langa. Anawachotsa prostate, kachiwalo ka amuna kozungulira njira ya mkodzo m'munsi mwa chikhodzodzo, chifukwa cha khansa, ndipo kuchokera pamenepo mkodzo sunkaima. Akadzuka pampando, akatsokomola, akaseka, thewera lanyowa. "Mwana wanga," anatero, "iwe ukulira kuti mpopi sutseguka, ine ndikulira kuti sutsekeka. Bwenzi atatiphatikiza tikanakhala munthu mmodzi wabwinobwino." Pomvetsera adokotala akamacheza nawo pa raundi ndinaphunzira kuti kudzinyowetsa si matenda amodzi. Kwanga kunali kusefukira chifukwa chotsekeka. Kwa agogowo kunali kufooka kwa mnofu umene umatseka njira. Kulinso kwina kumene chikhodzodzo chimafinya chokha mwadzidzidzi munthu asanafike kuchimbudzi, ndipo kumeneko amayamba ndi mapiritsi ndi kuchiphunzitsa kudikira, osati mpeni. Mankhwala a mtundu wina akhoza kuipitsa mtundu unzake. Mapiritsi okhazika chikhodzodzo pansi akanapatsidwa kwa ine, akanangonditsekeratu.

Agogowo anawayambitsa masewera olimbitsa minofu ya pansi, aja anatchuka ndi dokotala wa ku America Arnold Kegel mu 1948: kufinya ngati ukudziletsa kuphwisa, kugwira masekondi angapo, kumasula, kangapo pa tsiku kwa miyezi. Anawauza kuti ambiri amasintha m'chaka choyamba, ndiye opaleshoni sathamangira. Zikakanika pali lamba amene amaikidwa pansi pa njira ya mkodzo kuti aziichirikiza, woyenera amene amadontha pang'ono. Kwa odontha kwambiri pali kachipangizo kotchedwa AMS 800, kamene kakhala kakugwiritsidwa ntchito kuyambira 1983. Kali ndi zigawo zitatu, zonse zobisika m'thupi: kamkombero kozungulira njira ya mkodzo, kabaluni ka madzi m'mimba, ndi kapampu m'thumba la machende. Ukafuna kukodza umafinya kapampuko, kamkombero n'kumasuka, pakapita mphindi zochepa n'kudzitsekanso kokha. Ndi kodula zedi, ndipo mwana wawo amene amagwira ntchito ku Johannesburg ndi amene ankafufuza zoti akawaikire kumeneko. Agogowo nkhawa yawo inali ina: "Nanga zala zangazi zikadzayamba kunjenjemera, adzandifinyire ndani?" Adokotala anavomereza kuti funsolo ndi lenileni, kachipangizoka kamafuna munthu wa manja ndi mutu wogwira bwino.

Kukhitchini ya magadiyani mayi akunyumba anamvako za amayi. Ambiri amene anabereka kangapo amadontha akatsokomola kapena kunyamula ndowa, n'kumati ndi ukulu basi, chonsecho masewera omwewo amathandiza, ndipo opaleshoni yochirikiza njira iliponso. Koma mayi amene mkodzo ukungotuluka osalekeza usana ndi usiku chibadwitsireni mwana movutikira, imeneyo kawirikawiri ndi fistula, bowo pakati pa chikhodzodzo ndi njira yoberekera, ndipo imasokedwa. Ku Bwaila mu Lilongwe kuli malo apadera ochitira zimenezi.

Ine ananditulutsa tsiku lachisanu, paipi ya kunsonga ikadali momwemo. Inakhala milungu itatu. Usiku thupi likadzuka lokha monga limachitira mwa mwamuna aliyense, ululu wake unkandidzutsa, ndipo nsalu yonyowa ndi madzi ozizira ndi imene inkandithandiza. Pokhala ndinkatsamira chammbali pa pilo. Tsiku lobwerera anajambulanso X-ray, kuthira mankhwala aja pambali pa paipi kuti aone ngati chigamba chikudontha. Sichinkadontha. Anachotsa ya kunsonga, kutseka ya pamimba ndi kachotsekera, n'kundipatsa botolo la madzi kuti ndimwe.

Ndinadikira ola limodzi pa benchi. Nditalowa m'chimbudzi, phokoso limene linamveka m'mbale muja linandidzidzimutsa ine mwini wake. Ndinatuluka misozi ili m'maso, anesi n'kumaseka. Pa makina oyezera liwiro la mkodzo, kale ndinkapeza mamililita 4 pa sekondi. Tsiku limenelo anakwana 22, pamene mwamuna wabwinobwino amayenera kupitirira 15. Paipi ya pamimba anaichotsa patatha sabata, kabowo kanatsekeka kokha.

Papita zaka zitatu. Sikuti zonse zili monga kale. Ndikamaliza kukodza timadontho timatsalira pa chigamba paja, ndiye ndimakanikiza ndi zala kuseri kwa machende n'kukokera kutsogolo kawiri kapena katatu ndisanatseke zipi. Ndikaiwala, thalauza limandikumbutsa. Mkati mwa tsaya muli kamalo kolimba kamene lilime limakonda kukasewerapo, ndipo miyezi iwiri yoyamba sindinkatha kuyasamula mokwanira. Za kuchipinda zinabwerera mwakale patatha miyezi inayi. Tsiku loyamba la mwezi uliwonse ndimatenga chigubu chodulidwa pakamwa chimene ndinachilemba mizere, ndi wotchi ya pafoni. Mamililita 300 amanditengera masekondi osapitirira 25. Adokotala anati ndikadzaona kuti nthawiyo ikukwera miyezi iwiri yotsatizana, ndisadikire ulusi, ndipite ndi mabuku anga onse atatu ndi zithunzi za X-ray, zimene ndimasunga mu envelopu pansi pa matiresi limodzi ndi satifiketi ya ku koleji.

Njinga anandiletsa miyezi itatu. Itatha, ija ya pa mlatho ndinagulitsa kwa wakabaza wina, n'kugula yachizimayi yopanda chitsulo chapakati, ya sadulo yotakata ndi kabasiketi kutsogolo. Ana asukulu amaimirira m'mbali mwa msewu kuti aione ikudutsa. Mlatho uja sanaukonzebe, ndimatsika n'kukankha.